Makina a Pakhonde

Kwathu kuno telala ndi munthu amene aliyense amamufuna koma ochepa amamukhulupirira. Mukafunsa pamsika kuti wabodza wamkulu ndani, zala zambiri zidzaloza pakhonde pamene pakulira makina osokera, zotsalazo zidzaloza kwa wokonza mawailesi ndi mafoni. Mlandu wake ndi umodzi, liwu lija loti "mawa". Mwapereka nsalu Lolemba, akuti bwerani mawa. Mwabwera mawalo, akuti kwangotsala mabatani. Mwabweranso Lachisanu, mukupeza nsalu yanu ili chipindire pansi pa mulu, choko sichidaikhudze n'komwe. Ine nkhani zoterezi sindiziseka kwambiri monga amachitira anzanga, chifukwa sopo amene ndimachapira kuno ku Chirunga, ndalama ya basi ndi mapepala amene ndikulembapo mawu anowa, zonse zimachokera ku phazi la telala. Amalume anga, mlongo wa amayi, amasoka pakhonde la sitolo ina pa Thondwe, m'mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Blantyre, ndipo monga mwambo wathu unenera, mwana wa mlongo wawo ndi katundu wawo. Makina akalira ine ndimadya. Akakhala chete masabata awiri ndimadziwira konkuno, ngakhale iwo sanena.

Choncho funso loti mmisiri wodzilemba yekha angapeze bwanji ntchito yochuluka, kwa ine si la pamayeso. Anzanga amene amaphunzira zamalonda amaliyankha msanga: alembetse chikwangwani chachikulu, asindikize timapepala, atsegule tsamba pa Facebook. Sindikuwatsutsa. Koma ndakhala pakhonde lija matchuthi ambiri, ndikusita ndi simbi ya makala ndi kusokerera mabatani, ndipo sindidamvepo munthu akunena kuti wabwera chifukwa adawerenga chikwangwani. Chikwangwani chilipo, kathabwa kopaka utoto wobiriwira, koma chidasuluka kalekale. Obwera amayamba ndi mawu ena: "Kodi ndinu amene mudasokera mayi uje diresi ija adavala ku chinkhoswe?"

Khondelo lili ndi mbiri yake. Amalume adaphunzira kusoka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kwa mkulu wina amene adatisiya, ndipo mkuluyo adayambira pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Kale limenelo ntchito siinkasakidwa. Munthu ankagula nsalu m'kati, n'kutuluka pakhomo, n'kupeza telala ali pomwepo tepi ili m'khosi. Mwini sitolo ankapindula poti nsalu inkayenda, telala naye ankapindula poti kasitomala ankamufikira nsalu ili kale m'manja. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula Amwenye kuti achoke m'madera a kumidzi akachitire malonda awo m'mizinda, ndipo masitolo ambiri adasintha eni, ena adangotsekeka. Koma atelala adatsala pamakonde, chifukwa nsalu za ku David Whitehead ku Blantyre zinkagulidwabe, ndipo shati, kabudula ndi diresi ya pa Khirisimasi zidali zoyenera kusokedwa basi. Malangizo amene mkuluyo adasiyira amalume adali aafupi: uzikhala pamene nsalu ikudutsa.

Kenaka nsaluyo idaleka kudutsa pamenepo. M'zaka za m'ma 1990 kaunjika adasefukira m'misika. Belo likatsegulidwa m'mawa wa tsiku la msika, shati yosokedwa kale kutsidya kwa nyanja inkagulidwa pamtengo wosafika ngakhale pa wa nsalu yokha, osawerengera wa telala. Ndani akadayezetsanso shati? Amalume amati pamakonde a pamalopo padali makina ambiri, ndipo m'zaka zochepa eni ake ena adabwerera kukalima, ena adalowera ku Joni, wina adagulitsa Singer yake n'kugula belo, nayenso n'kuyamba kukuwa pamsika. Otsalawo ankatukwana kaunjika m'mawa ndi madzulo, ndipo munthu akabwera ndi buluku la pamulu kuti alibweze m'chiuno, ena ankabweza mwini wakeyo, amvekere, "Pitani kwa amene adakugulitsaniyo akakusokereni."

Amalume adaona zina. Zovala za kaunjika zidasokedwera anthu ena, a misinkhu ina, a kumayiko ozizira. Buluku limakhala lalitali mwendo, jekete lalikulu m'mapewa, diresi yokongola koma zipi idafa. Pafupifupi wogula aliyense amachoka pamulu ndi chovala chimene chatsala pang'ono kumukwana, ndipo kupang'onoko ndiko ntchito ya telala. Adanyamula makina awo kuchoka pakhonde lakale kubwera pa lina loyang'anana ndi pamene amayala kaunjika, n'kupangana ndi anyamata awiri ogulitsa mabuluku kuti kasitomala akadandaula za kutalika azingomulozera ndi chala. Anyamatawo sankalandira ndalama. Amalume ankawakonzera ulere zong'ambika za pansi pa belo, zimene akadagulitsa motaya. Pangano limenelo lilipobe lero ngakhale ogulitsawo asinthana kangapo. Padabweranso mwayi wina umene palibe telala adauyembekeza. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Litachotsedwa, pang'onopang'ono atsikana adayamba kugula jinzi pa kaunjika, ndipo jinzi ikakwana m'ntchafu kawirikawiri imakhwepa m'chiuno. Amalume adaphunzira kumasula lamba wa jinzi n'kumubwezera osaoneka kuti padadutsa munthu, ndipo masingano a nambala 18 sasowa m'kabati kawo.

Ntchito yobweza ndi yonyozeka, ndipo ndalama yake ndi ya ndiwo za tsiku limodzi. Koma ili ndi zinthu ziwiri zimene suti ilibe. Imatha mwini wake ali pomwepo, kotero palibe "mawa". Chinanso, munthuyo amakhala pabenchi mphindi makumi awiri maso ali pa manja a telala. Amaona ngati mzere ukuwongoka, amaona ngati ulusi ukusankhidwa wofanana ndi nsalu kapena akungotola uliwonse umene uli pabobini, amaonanso madiresi a zitenje amene akulendewera pachingwe kudikira eni ake. Amalume sabisa zomalizidwa m'kati mwa sitolo; amazikoloweka panja dala, atazisita bwino, ngakhale fumbi la pamsewu limawapatsa ntchito yokuntha madzulo alionse. Mayi amene lero wabwera ndi zipi, pakatha miyezi itatu amatulukira ndi chitenje cha mayadi 6 chimene adachisunga m'sutikesi chaka chathunthu poopa kuchiononga kwa telala wosamudziwa. Nsalu yodula sapatsa mlendo. Zipi ija idali mayeso, ngakhale mayiyo sadaganize choncho.

Komabe zipi sizingaphunzitse munthu ku yunivesite. Ndalama yooneka imabwera m'magulu, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti amalume amadziwa anthu kuposa m'mene amadziwira nsalu. Ife Amalawi timakonda kuvala pamodzi. Amayi a Mvano a mpingo wa CCAP ali ndi bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, chimodzimodzi anzawo a Chigwirizano ku sinodi ya Nkhoma ndi a Umanyano ku Livingstonia. Amayi a Chikatolika ali ndi nsalu yawo, a Dorika ali ndi yawo, makwaya nawo, ngakhale a banki mkhonde amafuna kufanana pa tsiku logawana ndalama. Komiti ya ukwati imasankha chitenje cha akuchimuna ndi china cha akuchikazi. Tsono gulu lililonse lili ndi munthu mmodzi amene akati "tikasoketse kwa uje" onse amatsata. Si nthawi zonse amakhala wapampando. Nthawi zina ndi msungichuma, nthawi zina ndi mayi wopanda udindo uliwonse koma wovala bwino, amene anzake amamuyang'ana kuyambira kuphazi akamalowa m'tchalitchi. Amalume amamuzindikira munthu wotereyu akangofika, ndipo chovala chake amachiyeza kawiri, amamuitana kudzayesa asadatsirize, mpendero amaupinda ndi manja. Samupempha kuti akawatchule kwa anzake. Amati ukapempha, munthuyo amayamba kuyembekeza kuti umusokere ulere, ndipo mawu ake kwa anzake amapepuka. Diresi imakalankhula yokha Lamulungu.

Ntchito ya gulu ili ndi msampha wake. Mabulauzi makumi atatu ayenera kufanana kolala, kufanana mabatani, ndipo onse amafunika tsiku limodzi. Imodzi ikalakwika, mwini wake amaima pakati pa anzake makumi awiri mphambu asanu ndi anayi ovala bwino, ndipo aliyense amadziwa telala wake.

Yunifolomu ya sukulu ndi nkhani ina. Mu 1994, maphunziro a pulaimale atakhala aulere, boma lidatinso yunifolomu si yokakamiza, ndipo atelala ambiri adaganiza kuti atha. Sizidatero. Ana olembetsa adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kholo limene lili ndi kangachepe limafunabe kuti mwana wake afanane ndi anzake. Sukulu zoyendetsedwa ndi anthu wamba zidachulukanso, iliyonse ndi mtundu wake wa nsalu. Chaka china amalume adalandira oda yaikulu kuchokera ku sukulu ina yotere. Adakongola nsalu, adasoka usiku ndi nyali, adapereka pa nthawi yake. Ndalama idabwera mwa apo ndi apo kwa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chaka chimenecho ine ndidapita ku sekondale teremu yachiwiri ndi theka la fizi ndi kalata yopepesa. Chichokereni pamenepo amachita ndi makolo okha. Mu Ogasiti amagula nsalu ya mitundu ya sukulu zozungulira, amasokeratu misinkhu itatu kapena inayi, n'kupachika. Sukulu zikamatsegulidwa mu Sepitembala kholo limafika ndi mwana, amayesa, amalipira, amapita. Phindu pa chovala chimodzi ndi lochepa kusiyana ndi oda, koma ndalama imakhala m'manja dzuwa lisadalowe.

Za nsalu za zipani ndingonena mwachidule. Mu 2019, 2020 ndi 2025 zidabwera zamitundu yonse, ndipo amalume adasoka zonse, koma palibe imodzi imene idalendewera pachingwe chapanja.

Aliyense wofuna kumvetsa telala ayenera kudziwa chaka chake. Anthu akakolola n'kugulitsa, maukwati ndi zinkhoswe zimayamba, n'kupitirira chilimwe chonse. Ogasiti ndi Sepitembala ndi za ana a sukulu. Disembala ndi misala yeniyeni. Kenaka kumabwera Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama yonse ya m'mudzi yapita ku feteleza, ku fizi ndi ku chimanga, ndipo pakhonde pamangofika zigamba, zina za anthu olonjeza kudzalipira ndi maungu. Ine ndimakhulupirira kuti bodza la telala limabadwa m'miyezi iwiri imeneyi. Mu Disembala anthu asanu ndi awiri akaima patsogolo pake ndi nsalu zawo, iye saona anthuwo, amaona Febuluwale, ndipo amalandira zonse. Koma miyendo yopalasa makina ndi iwiri yokha, ndipo diresi ya lainingi imadya tsiku lathunthu. Amayamba kusoka ya amene wakalipa kwambiri, ya wofatsa n'kutsikira pansi pa mulu. Njala yofuna ntchito yambiri ndiyo imathamangitsa ntchitoyo.

Amalume ali ndi kope la ana a sukulu limene amalemba tsiku lililonse pa tsamba lake. Tsamba likadzaza, ladzaza. Ndawamva kangapo akunena kuti, "Mayi, Loweruka lino sindingathe. Ngati n'zamsanga pitani kwa mnzangayo apo. Ngati mungadikire, Lachitatu masana mudzaipeza." Madzulo ena tikulowetsa makina m'sitolo ndidawafunsa ngati sizikuwapweteka kuona ndalama ikuwoloka msewu. Adati, "Mphwanga, amene ndamubweza lero nsalu yake ili m'manja adzabweranso. Amene ndamusowetsa chovala pa ukwati wa mwana wake sadzabweranso, ndipo adzapita ndi mudzi wake wonse." Sikuti amalume sachedwa. Maliro amagwa, malungo amagwira, lamba wa makina amaduka. Koma akaona kuti tsiku silitheka amatumiza uthenga dzulo lake, munthu asadawononge ndalama ya kabaza.

M'kope lomwelo mumalembedwa theka la mtengo limene munthu amasiya popereka nsalu. Poyamba anthu ankadandaula kuti sakukhulupiriridwa, koma telala aliyense ali ndi katoni ya zovala zimene eni ake sadabwere kudzatenga, ndipo chovala chosokedwa pa thupi la munthu mmodzi n'chovuta kugulitsa kwa wina. Ovuta kwenikweni ndi achibale. Mlamu sungamuuze za theka, ndipo mlamu yemweyo ndiye amafuna yake iyambe. Pa ichi amalume alibe njira. Amangopuma mozama n'kulemba dzina.

Foni yasintha zina. Ndidawaikira WhatsApp pa tchuthi china, ndipo tsopano diresi ikatha amaijambula n'kuiika poti onse amene ali ndi nambala yawo aione. Ana a kwathu amene ali ku Joni amatumiza ndalama kuti amayi awo asokeredwe, ena a m'tauni amalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Atsikana amabwera ndi zithunzi za masitayilo a ku Nigeria ndi ku Ghana, n'kunena kuti "ndikufuna chonchi," ndipo telala ayenera kuwerenga chithunzicho, kuganiza m'mene kumbuyo kudasokedwera, n'kumuuza mwaulemu mtsikanayo kuti nsalu yabwerayi ndi yofewa, siingaime ngati ya pachithunzipo. Koma ndikayang'ana amene amaona zithunzi za amalume, ndi omwe aja adakhalapo kale pabenchi, ndi abale awo. Foni yangotalikitsa pakamwa pomwe paja.

Zaka ziwiri zidayesa zonsezi. Mu Malichi 2020 sukulu zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19, misonkhano idachepa, ndipo yunifolomu ndi maukwati zidazimirira pamodzi. Chidawapulumutsa ndi thumba la zidutswa za zitenje limene azakhali ankafuna kulitaya: adayamba kusoka zophimba kukamwa ndi mphuno, ndipo boma litalamula kuti aliyense azivala pagulu, anyamata a kaunjika aja ndiwo ankazigulitsa. Kenaka mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ulusi, zipi, lainingi ndi masingano, zimene zimachokera kunja, zidakwera nthawi imodzi. Telala akakweza mtengo, kasitomala amaona ngati wayamba dyera. Amalume adayamba kutchula mitengo iwiri: uwu ndi wa zipangizo, ndipo mukafuna kagulani nokha m'sitolomu, uwu ndi wa manja anga. Ambiri akapita kukafunsa okha mtengo wa zipi amabwerera ali chete n'kulipira.

Vuto limene latsala ndi la miyendo iwiri ija. Ntchito imene amalume amabweza pa chaka ikadakwana munthu wachiwiri. Aphunzitsapo anyamata awiri, ndipo onse atadziwa kudula adachoka n'kukatsegula makonde awo, wina pamsika pomwepo, atatenga makasitomala angapo. Azakhali amawatchula anyamatawo ndi mawu amene sindingalembe pano. Amalume amati nawonso adachoka kwa mkulu uja momwemo, ndipo "mnzangayo apo" amene amamutumizira anthu ndi mmodzi wa iwo. Iyeyo akalandira jekete, limene sadalidziwebe bwino, amalibweza kwa mphunzitsi wake. Kumbali ina kukubwera achinyamata a masatifiketi a TEVETA ndi a m'tauni odzitcha madizaina, okhala ndi makina a magetsi ndi a ovaloko, amene amatseka m'mphepete mwa nsalu mooneka ngati za m'sitolo. Akwati a masiku ano amatembenuza diresi kuyang'ana m'kati asadalipire. Butterfly ya amalume singachite zimenezo.

Ndalama ya makina a ovaloko yasonkhanitsidwapo kawiri. Ulendo woyamba idapita pa chaka changa choyamba kuno, wachiwiri pa lendi ya kachipinda kamene ndimagona ku Chikanda. Akuti adzagula ine ndikatsiriza. Padakali pano Lachinayi lililonse amalongedza madiresi a sabata imeneyo m'chikwama, amakwera minibasi kubwera m'tauni ya Zomba kwa mnzawo amene ali ndi makinawo, amalipira pa chovala pa chovala, ndipo magetsi akakhala kuti azima amadikira pabenchi mpaka abwere. Nthawi zina amandiimbira kuti tikumane pa depoti, n'kundipatsa kandalama kokulunga m'chidutswa cha chitenje asadakwere yobwerera ku Thondwe.